Chubu chikayamba kuphethira, musathamangire kusitolo

M'nyumba zambiri za ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi muli chizolowezi chimene mlendo angadabwe nacho. Dzuwa lisanalowe, kunja kukadali mbee, mumamva mayi akuuza mwana kuti, "Iwe, yatsiratu chubucho, ukachedwa sichiyakanso." Mayiyo sanama ayi. Chubu chomwe chimayaka msangamsanga 4 koloko masana, ikakwana 6 koloko madzulo chimangoti phethi phethi, sitata ikulira ke ke ke, mpaka anthu kutopa n'kukagula kandulo pa okala.

Mawa lake bambo amapita ku hadiweya kukagula chubu chatsopano. Vuto silitha. Amagula sitata, silithabe. Kenako amaitana mnyamata wa m'dera momwemo amene anthu amati amadziwako zamagetsi, nayenso n'kunena kuti choki chapsa. Pomafika apa ndalama zatuluka katatu, pomwe mwina nyaliyo inalibe vuto lililonse. Chimene chinachepa ndi mphamvu ya magetsi obwera m'nyumbamo nthawi ya madzulo.

Kutaya ndalama kotereku n'kopeweka. Nyali ya chubu ili ndi ziwalo zowerengeka: chubucho, sitata, choki, maholda awiri ogwira chubu m'mitu, mawaya ndi swichi ya pakhoma. Chilichonse mwa izi chikafooka chimaonetsa chizindikiro chakechake, moti munthu woyang'anitsitsa angathe kudziwa pamene pagona vuto asanagwire kanthu. Chofunika ndi kudziwa mmene nyaliyi imayakira, tanthauzo la zimene ikuchita, ndi pamene mwininyumba ayenera kulekezera kuti mmisiri apitirize.

Zimene zimachitika mukadina swichi

Nyali za mtunduwu zinayamba kugulitsidwa ku America mu 1938, ndipo mu 1939 kampani ya General Electric inazionetsa ku khamu la anthu pa chionetsero chachikulu cha ku New York. Zinafala msanga m'mafakitale, m'masukulu ndi m'zipatala chifukwa zinkawala kwambiri pa magetsi ochepa poyerekeza ndi mababu akale otentha aja. Nyali zambiri za chubu zimene zili m'nyumba zathu lero zimayakabe mwa njira yakale yomweyo.

Babu lakale lili ndi kawaya kamodzi kamene kamatentha mpaka kuwala. M'chubu mulibe waya wochoka kumutu uku kukafika kumutu uko. Muli mpweya wa argon, kadontho kakang'ono zedi ka mercury, ndi timawaya tiwiri topotana, kamodzi kumutu ulionse, topakidwa mankhwala othandiza kuti magetsi adumphe mosavuta. Magetsi akadutsa mumpweyawo, mercury amatulutsa kuwala kumene maso athu saona. Ufa woyera umene anamata m'kati mwa galasi ndi umene umalandira kuwala kobisikako n'kukusandutsa kuwala koyera kumene ana amawerengera.

Koma mpweya wozizira sulola magetsi kudutsa, ndipo mavoliti 230 amene ESCOM imatipatsa sakwanira kuuboola. Apa ndi pamene sitata ndi choki zimathandizana. Mukadina swichi, magetsi amalowa m'choki, n'kudutsa pa kawaya ka mutu umodzi, kulowa mu sitata, kudutsa pa kawaya ka mutu winawo, n'kubwerera. M'kati mwa sitata muli kagalasi kokhala ndi tizitsulo tiwiri tosakhudzana. Mpweya wa m'kagalasimo umayaka, kachitsulo kamodzi kamatentha n'kupindika mpaka kukhudza kanzake. Tikakhudzana, magetsi amayenda ambiri ndipo timawaya ta m'chubu timatentha. N'chifukwa chake mitu ya chubu imayamba yafiira nyali isanayake. Posakhalitsa kachitsulo kaja kamazizira n'kulekana ndi kanzake mwadzidzidzi.

Choki, chimene pa katoni amalemba kuti ballast, ndi waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri pa zitsulo zopyapyala zosanjikizana. Magetsi oyenda m'menemo akadulidwa mwadzidzidzi, choki chimaponya mphamvu yaikulu ya kanthawi kochepa, mavoliti mazanamazana, ndipo mphamvu imeneyi ndi imene imaboola mpweya wa m'chubu. Ikalephera koyamba sitata imabwereza, ndiye kuphethira kuwiri kutatu kumene timaona nyali isanakhazikike.

Chubu chikayaka, choki chimayamba ntchito yachiwiri, yofunika kuposa yoyamba ija. Mpweya woyaka uli ngati mzere wa m'dimba umene madzi aboola: madzi akamadutsa mpata umakula, mpata ukamakula madzi amadutsa ochuluka, mpaka mzere wonse kukokoloka. Popanda choletsa, chubu chimakoka magetsi mpaka kupsa nthawi yomweyo. Choki ndicho choletsacho. Chubu cha mafiti 4, cha mawati 36, chikamayaka bwino chimangotenga mavoliti pafupifupi 100, ndipo mphamvu yochepa chonchi siingayatse sitata. Sitata imakhala chete mpaka mudzadinenso swichi. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene imamasulira kuphethira kwa machubu ambiri.

Musanakwere pampando

Magetsi a mavoliti 230 amapha, ndipo sasankha kuti uyu amangofuna kusintha sitata. Choyamba, thimitsani pa bokosi la ma breaker kapena pa meni swichi, osadalira swichi ya pakhoma. M'nyumba zina amene anayala mawaya anaika swichi pa waya wa neutral m'malo mwa waya wamoto. Nyali imathima ndithu mukadina, koma moto umakhala utafika kale mpaka m'maholda.

Chachiwiri chikukhudza kuthimathima kwa magetsi kumene tinazolowera. Ambiri amati, "Magetsi athima, uwu ndiye mpata wokonzera nyali ija." Magetsi sagogoda pobwera. Thimitsani meni swichi ngakhale dera lonse lili mumdima. Ngati nyumba ili ndi inverter, sola kapena jenereta, zimenezonso zithime, poti kawirikawiri mzere wa nyali ndi umene amalumikiza ku mabatire. Uzaninso a m'nyumba kuti wina asakayatse inu muli m'mwamba.

Tesita ya sikuludilaiva, ija imayaka kagetsi mukaika chala pamwamba, musaikhulupirire kotheratu. Powala kagetsi kake sikaoneka bwino, ndipo munthu akavala nsapato za labala ali pa mpando wouma wa thabwa, imatha kuyaka mofooka kwambiri pa waya wamoto weniweni. Mmisiri wosamala amayamba waiyesa pa soketi imene akudziwa kuti ili ndi moto, kenako pa nyaliyo, n'kubwereranso pa soketi ija kuti atsimikize kuti tesita siinafere panjira. M'nyali zina mulinso capacitor, kachitini kozungulira kamene kamatha kusunga mphamvu kwa kanthawi magetsi atathimitsidwa kale.

Malire ake ndi awa. Kuchotsa chubu, kusintha sitata, kupukuta fumbi ndi kuyang'ana, mwininyumba aliyense wosamala angathe. Kutsegula chitsulo cha nyali, kumasula mawaya, kusintha choki kapena kulowa m'siling'i ndi ntchito ya mmisiri. Kuno kwathu amisiri oyala mawaya a magetsi m'nyumba amayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA, ndipo kufunsa chiphasocho si chipongwe.

Chikuchita bwanji?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dinani swichi, imani pansi, yang'anani kwa mphindi imodzi, mvetserani, nunkhizani. Zimene mungapeze m'mphindi imeneyo ndi theka la ntchito yonse.

Ngati mitu yonse iwiri yafiira, pakati pali bii, ndipo palibe kuphethira kulikonse, wolakwa ndi sitata. Tizitsulo take tamatirirana, ndiye magetsi akungotenthetsa timawaya osadulidwa kuti choki chiponye mphamvu ija. Amisiri amatsimikiza pozungulitsa sitata n'kuichotsa nyali ili chiyakire: chubu chimawala nthawi yomweyo, poti kuchotsako kwachita ntchito imene sitata inalephera. Mwininyumba angothimitsa n'kuika sitata ina. Musaisiye nyali ili yofiira m'mitu usiku wonse, chifukwa timawaya ta chubu timatha msanga ndipo choki chimatentha mopitirira.

Ngati chubu chikuyaka n'kuthima, kuyaka n'kuthima, mosalekeza, yang'anani mitu yake. Mukaona yada ngati yafukiridwa ndi utsi, chubucho chakalamba. Mankhwala amene anapaka pa timawaya tija amasuluka pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene nyali ikuyatsidwa, n'kumamatirira pa galasi, ndiye kudako. Chubu chotere chimafuna mphamvu yambiri kuti chikhalebe choyaka, ndipo mphamvuyo ikakwera imadzutsa sitata imene inayenera kugona. Sitata ikadzuka chubu chimathima, n'kuyambiranso. Kusintha sitata yokha apa n'kungotaya ndalama. Komanso sitata imene yakhala ikulimbana ndi chubu chakufa kwa masabata imakhala yatopa, choncho ndi nzeru kusintha zonse ziwiri pamodzi, poti sitata ndi yotsika mtengo.

Chubu chatsopano chikamachita chimodzimodzi, werengani zimene zalembedwa pa sitata. Masitata amafanana maonekedwe koma ntchito ndi yosiyana. Yolembedwa S10 ndi ya chubu chimodzi pa choki chimodzi, kuyambira mawati 4 mpaka 65. Yolembedwa S2 ndi ya mawati 4 mpaka 22, makamaka m'nyali zimene machubu awiri afupiafupi a mawati 18 amagawana choki chimodzi. Mukaika S2 pa chubu cha mafiti 4 chimangophethira osakhazikika. Mukaika S10 pa machubu awiri ogawana choki aja, sayaka n'komwe. Wogulitsa wina amangotola m'katoni imene yayandikira dzanja, choncho pitani kusitolo ndi sitata yakaleyo m'thumba.

Pali zizindikiro zina zosaopsa. Chubu chatsopano nthawi zina chimaonetsa kuwala koyendayenda m'kati mwake, ndipo izi zimatha zokha chikayaka maola angapo. Chubu chowala mofooka, mofiirira pang'ono, mercury wake watha mphamvu, chikufunika china. M'miyezi ya June ndi July, m'madera ozizira monga Dedza ndi Mzuzu, chubu cha pakhonde chimachedwa kuyaka ndipo chimayamba mozirala, chifukwa mercury amafuna kufunda kuti asanduke nthunzi yokwanira. M'nyengo ya mvula, fumbi la pa galasi likanyowa ndi chinyezi limavutitsa kuyaka. Kungochotsa chubu n'kuchipukuta ndi nsalu youma kumathetsa vutolo. Cha kukhitchini chimene chamatidwa mwaye ndi mafuta chimawalanso bwino chikapukutidwa.

Nanga mukadina swichi n'kungoti zii, palibe kufiira, palibe kulira? Yambani ndi zapafupi. Kodi nyali za m'zipinda zina zikuyaka? Kodi mayunitsi alipo mu mita? Kodi breaker ya nyali siinagwe? Zonsezi zikakhala bwino, thimitsani magetsi, gwirani chubu ndi manja awiri cha m'mitu, chizungulitseni pang'ono mpaka timiyendo take tiwiri tiyang'anizane ndi mpata wa holda, n'kuchitsitsa. Yang'anani timiyendoto ngati tachita dzimbiri kapena tapindika. Suzumirani m'maholda. Pulasitiki yake imauma ndi kutentha kwa zaka zambiri mpaka kusweka, tizitsulo ta m'kati timafooka, ndipo m'nyali za pakhonde mumapezeka akangaude, mphemvu zakufa ngakhale timanyumba tadothi ta mavu. Pobwezera, zungulitsani chubu mpaka mumve kuti chakhala, ndipo sitata nayo ilowe mpaka italuma. Nyali zambiri zimene anthu amati zafa zimangokhala kuti kamwendo kamodzi sikakukhudza.

Njira yobwereka

Musanagule kanthu, bwerekani. Ngati m'chipinda china muli nyali yofanana imene ikuyaka bwino, tengani sitata yake muike pa yovutayo. Ikapanda kusintha, ibwezeni, kenako tengani chubu chovutacho mukachiyese pa nyali yabwino ija. Chikayaka kumeneko, chubu chilibe mlandu. Lamulo lake ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mukasintha ziwiri nyali n'kuyaka, simudziwa chimene chinali chakufa, ndipo mwina mutaya chamoyo.

Onani kuti chubu chokayikitsa ndi chimene chikupita ku nyali yabwino. Pali chifukwa chake. Choki chimafa mwa njira ziwiri. Nthawi zina waya wake umaduka m'kati, nyali n'kungoti zii. Nthawi zina utoto woteteza waya wa kopa uja umapsa, mawaya n'kukhudzana okhaokha, choki n'kuleka kuletsa magetsi. Mukaika chubu chatsopano pa choki chotere chimangowala kamodzi kwambiri, thoo, n'kufera pomwepo. Anthu ambiri amaganiza kuti awagulitsa chubu chachinyengo, n'kukagula china, nachonso n'kupsa. Chubu chikafa mwa njira imeneyi musaikenso china mpaka mmisiri ataona choki.

Choki chimachenjeza chisanafike pamenepo. Kulira kwapansipansi n'kwachibadwa, poti magetsi athu amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi ndipo zitsulo za m'kati zimanjenjemera nawo. Koma kulira kukakula mpaka kusokoneza tulo, ndiye kuti zomangira zamasuka kapena zitsulo zosanjikizana zija zalekana. Fungo la chinthu chopserera, utoto wa chitsulo cha nyali kusanduka wofiirira pamalo amodzi, kapena phula lakuda kudontha, zimenezi si zodikira mpaka malipiro a mwezi. Thimitsani nyaliyo lero. Pamwamba pake pali siling'i ndi mitengo youma ya denga.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi kumasula. Amayamba ndi mafunso: "Zinayamba liti, bambo? Zimachitika nthawi zonse kapena madzulo okha? Alipo anagwirapo?" Akathimitsa magetsi n'kutsegula chitsulo, amayang'ana kaye mawaya odutsa pafupi ndi choki, chifukwa pamenepo pulasitiki imauma mpaka kuyoyoka ukaikhudza. Amakoka pang'ono waya ulionse pa cholumikizira kuti aone womasuka. Kenako amatulutsa mita yake yoyezera. Pakati pa timiyendo tiwiri ta mutu umodzi wa chubu pamayenera kuoneka ma ohm ochepa chabe, ndipo mita ikapanda kuonetsa kanthu ndiye kuti kawaya kaduka. Choki chamoyo cha mawati 36 chimaonetsa ma ohm makumi angapo. Chikapanda kuonetsa kanthu chaduka, chikaonetsa pafupifupi ziro chapsa. Amawerenganso zolembedwa pa choki kuti aone ngati chikugwirizana ndi chubu: mawati 18 pa cha mafiti 2, 36 pa cha mafiti 4, 58 pa cha mafiti 5. Chubu chikakhala pa choki chosakhala chake chimawala mofooka kapena chimatha msanga. Mmisiri amene akunena kuti choki chapsa asanachiyeze akungolota.

Pali zizindikiro ziwiri zimene zimaloza ku mawaya a nyumba, kunja kwa nyaliyo. China ndi chubu chonyezimira pang'ono usiku swichi ili yothimitsa. Nthawi zina izi zimachokera ku mawaya oyenda moyandikana mtunda wautali, koma kawirikawiri ndi swichi yoikidwa pa neutral ija, ndipo ikufunika kukonzedwa. M'nyumba zambiri waya wamoto ndi wofiira, wa neutral wakuda, wa earth wobiriwira. M'mawaya amakono wamoto ndi wa bulauni, wa neutral wa buluu, wa earth wobiriwira ndi chikasu. Koma mtundu wa waya umangonena zimene woyala anayenera kuchita, zimene anachitadi zimadziwika poyeza.

Chizindikiro china ndi breaker imene imagwa mukangoyatsa nyali. Zimachititsa ndi makoswe amene atafuna mawaya m'siling'i, denga lodontha pa cholumikizira, waya wopsa wokhudza chitsulo, kapena capacitor yakufa. Breaker ikagwa ikugwira ntchito yake. Kuikapo ina yaikulu, kapena kumanga waya wonenepa pa fyuzi kuti isadukenso, n'kuchotsa chinthu chokhacho chimene chikuteteza nyumba ku moto.

Vuto likachokera kunja

Nyali ikamayaka bwino m'mawa ndi masana koma n'kumakana madzulo okha, musaiimbe mlandu. Nthawi imeneyo dera lonse layatsa mbaula, maketulo ndi ma TV pa thiransifoma imodzi, ndipo mphamvu yofika kunyumba za kumapeto kwa mzere imatsika. Sitata imafuna mphamvu yokwanira kuti mpweya wake uyake, choki nachonso chimaponya mphamvu yofooka. Koma chubu chimene chayaka kale chimapirira kutsikako, n'chifukwa chake kuyatsiratu kumathandiza. Zizindikiro zake zilipo: babu lakale limawala mofiira, fani imazungulira mwaulesi, nyali zimazirala chigayo chapafupi chikayatsidwa kapena owotcherera zitsulo akayamba ntchito. Funsani anansi. Ngati nawonso akuona zomwezo, nkhaniyo ndi yokanena ku ESCOM, ndipo mukanena anthu ambiri imamveka msanga.

Ngati anansi sakuona vuto, kutsikako kukuchitikira m'nyumba mwanu momwemo. Mawaya opyapyala otsika mtengo, zolumikiza zongopotokola n'kukulunga tepi, kapena magetsi okokedwa mtunda wautali kuchokera kunyumba yaikulu kupita ku nyumba ya lendi kuseri, zonsezi zimadya mphamvu panjira, ndipo pamene zikudyera pamatentha.

Chizindikiro chimodzi n'choopsa kuposa zonse. Mukaona nyali zina zikuwala mopitirira pomwe zina zikuzirala, kapena kuwala kukukwera ndi kutsika wina akayatsa chipangizo, mwina waya wa neutral wamasuka kapena waduka pa mzere wobweretsa magetsi. Zikatero mphamvu imatha kukwera kupitirira 230 n'kuotcha TV, firiji ndi machaja nthawi imodzi. Thimitsani meni swichi pomwepo ndipo imbirani a ESCOM.

Chiwonongekereni malo opangira magetsi a Kapichira ndi namondwe wa Ana mu January 2022, pamene dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, mabanja ambiri anagula ma inverter ndi majenereta ang'onoang'ono. Ma inverter otsika mtengo satulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM, ndipo choki chakale chimalira kwambiri ndi kutentha pa magetsi otere. Nyali ikamavuta pa batire pokha, vuto lili pamenepo.

Nyali zopanda sitata

Ena akafunafuna sitata pa nyali yawo saipeza. Nyali zoterezi zili ndi choki chamakono, chopepuka, chokhala ndi tizipangizo ta mtundu wa mu wailesi. Chimayatsa chubu mosaphethira, sichilira, ndipo chimayendetsa magetsi mofulumira kwambiri, kupitirira ka 20,000 pa sekondi. Pa choki chakale kuwala kumagwedera ka 100 pa sekondi, ndipo anthu ena maso amawatopa nako. Machubu opyapyala a T5, a mamilimita 16, ambiri amayendera choki chamakonochi, pomwe a T8, a mamilimita 26, amapezeka pa mitundu yonse iwiri.

Kasakidwe ka vuto apa n'kosiyana pang'ono. Choki chamakono chikaona kuti chubu chakalamba chimadzithimitsa chokha, ndipo m'nyali ya machubu awiri, chimodzi chikafa onse amathima. Sinthani onse awiri, thimitsani magetsi kwa kanthawi, n'kuyatsanso. Chikakanabe, choki chafa, makamaka ngati kunali ziphaliwali kapena magetsi anabwera mwamphamvu atathima. Zoterezi sakonza, amangosintha, potsatira chithunzi cha mawaya chimene chimajambulidwa pamwamba pake.

Nthawi ya chubu ikutha

Funso limene mwininyumba ayenera kudzifunsa lero ndi lakuti, kodi choki chikafa n'koyenera kugula china? Mayiko anagwirizana mu 2013 pangano la Minamata lochepetsa mercury, lotchedwa dzina la mzinda wa ku Japan kumene anthu ambiri anadwala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi mercury. Pa msonkhano wa ku Geneva mu 2023, potsatira ganizo limene anabweretsa ndi mayiko a mu Africa, anamanga mfundo yoti kupanga ndi kugulitsana machubu okhala ndi mercury kuthe pofika 2027. Mayiko a European Union analetsa kale machubu atsopano a T5 ndi T8 kulowa pa msika kuyambira mu August 2023. Machubu abwino azisowa, ndipo otsala m'misika azikhala a mtundu wokayikitsa.

Masamu nawo akuloza komweko. Chubu cha mawati 36 pamodzi ndi zimene choki chakale chimataya potentha chimadya pafupifupi mawati 45. Chubu cha LED cha utali womwewo chimadya pafupifupi 18. Pa nyali ya panja yoyaka maola 12 usiku ulionse, kusiyanako kumakwana pafupifupi mayunitsi 10 pa mwezi, pa nyali imodzi yokha. Machubu ambiri a LED amayakanso ngakhale mphamvu itatsika madzulo.

Koma safunsa anadya phula. Machubu a LED amafanana kunja, m'kati ndi osiyana. Ena amabwera ndi kasitata kawo kongolumikiza, ndipo mumangochotsa sitata yakale n'kuikapo kameneko, choki chili pomwepo. Ena amafuna kuti mmisiri achotse choki ndi sitata, magetsi apite molunjika ku maholda. Mwa amenewa, ena amalandira mawaya onse awiri kumutu umodzi, ena waya wamoto kumutu uku wa neutral kumutu uko. Kusokoneza zimenezi kumagwetsa breaker kapena kuotcha chubu. Werengani katoni musanachoke m'sitolo. Nyali ikachotsedwa choki, mmisiri alembe pa chitsulo chake ndi cholembera chosafufutika kuti apa ndi pa LED pokha, chifukwa wina akadzaikapo chubu chakale mtsogolo chingathe kuphulika pamaso pake.

Chubu chakale chimene mwatsitsa musachisiye kuseri kwa nyumba kumene ana angachitole n'kumamenyanirana. Musachiponye pamoto wa zinyalala, musachiswe kuti chikwane m'bini, musachitaye pafupi ndi chitsime kapena mtsinje. Chibwezeni m'katoni ya chatsopano, chisungidwe posafika ana, ndipo funsani ku khonsolo ya kwanu za katayidwe kake. Chikasweka m'nyumba, tsegulani mawindo ndi zitseko, tulutsani ana kwa mphindi zosachepera 10, kenako tolani magalasi ndi zidutswa za katoni, pukutani ufawo ndi pepala lonyowa, n'kutsekera zonse m'botolo kapena m'jumbo yolimba. Tsache limangouluza ufawo.

Machubu adzatha, koma mawaya ali m'siling'imo adzakhalapo zaka makumi ena. Swichi yoikidwa pa neutral idzakhala yoopsabe pansi pa nyali ya LED, cholumikizira chomasuka chidzatenthabe, ndipo chitsulo chopanda earth chidzagwirabe munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti chubu chakale chinkaulula zina mwa zimenezi pophethira ndi polira, pomwe LED imatha kuwala bwinobwino pa mawaya odwala mpaka tsiku la ngozi. Choncho tsiku limene mmisiri wakwera kudzasintha nyali, musamulole atsike msanga. Muuzeni ayeze ngati swichi ikudula waya wamoto, aone ngati chitsulo cha nyali chili ndi earth, amange zolumikiza zonse za mzere umenewo, ndipo akuonetseni pa mita yake zimene wapeza. Ndalama ya ola limodzi lowonjezeralo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi denga la nyumba, kapena moyo wa mwana amene adzakwere pampando kudzapukuta nyaliyo inu kulibe.